Mchere ndinathira ndekha

“Amake mwana, dzulo munkaphika chiyani chonunkhira ngati kuhotela?” Anandifunsa ndi mayi wa nyumba yoyang'anizana nafe kukomboni ya Kapata, tili pampopi. Ndinati nsomba. Anaseka nati nsomba nawonso amazidziwa, koma zija zinali zochita kuitanitsa ntchentche za kutali ku Chiparamba. Ndinasenza ndowa yanga.

Sindine ndinaphika. Anaphika ndi amuna anga, amene chikwatirane anali asanatenthetsepo ndi madzi omwe.

Ankagwira ntchito kumwera, kumadamu owetera nsomba ku Kariba. Anapita ndili ndi pakati, anabwera mwana atayamba kale kuseka. Anafika dzuwa litapendeka, atanyamula bokosi la ayezi ndi botolo lokulunga m'malaya. Magetsi anali atapita, ndinali ndikukoleza malasha pambaula.

“Khalani pansi amake mwana, lero muona mmene timadyera kumwera. Simudikira.”

Ndinakhala pampando ndi mwana pamiyendo. Anatulutsa nsomba ziwiri zazikulu, zopala kale. Anazicheka m'mbali, nafinyira mandimu, nasinja adyo ndi tsabola. Anapempha ufa wamgaiwa, nazigubuduza m'menemo. Tomato anakana. Anati nsomba yotere imafuna mpunga ndi vinyo woyera wozizira, wofiira ndi wa nyama ya ng'ombe. Manja awo sankafunafuna chilichonse. Ndinangoona kuti pali khitchini imene anazolowera.

Mafuta atayamba kulira m'pani, anatenga chitini cha mchere. Anachitsegula, kenaka anaima. Anandipatsa.

“Thirani inu.”

“Inu ndinu ophika.”

“Dzanja langa limalemera. Thirani.”

Kwathu mtsikana aliyense wolangizidwa amadziwa. Mwana akadali wakhanda, makolo asanachite mwambo womutenga kumphasa, mwamuna amene wagona kunja sathira mchere m'ndiwo za m'nyumbamo, ndipo mwanayo samunyamula. Akatero mwana amatsempheka, amatupa, amawonda. Kutchalitchi amati n'zachikale. Amuna anga ndi mwana wa aphunzitsi a kumishoni, zoterezi ankaziseka. Tsiku limenelo sanaseke.

Ndinathira mchere. Ndinayeza bwino ngati masiku onse.

Nsomba zinapsa msanga monga ananenera. Anathira vinyo m'makapu athu a tiyi, popeza matambula tinalibe. Ndinawakumbutsa kuti ndikuyamwitsa. Anati kungolawa sikupha. Kapu ndinaiika pansi pafupi ndi phazi.

“Mwanayu simumunyamula? Chifikireni mwangomuyang'ana.”

“M'manja muli fungo la nsomba.”

Ndinawabweretsera beseni ndi sopo. Anasamba nthawi yaitali, mpaka m'zigongono. Atapukuta, manja aja anawaika m'matumba, nawerama kumuimbira mluzu mwanayo ali patali.

Tinadya. Amati zinali zokoma, aneba ndi mboni. Ine ndinkangochotsa minga n'kumaiika m'mphepete mwa mbale. Mumtima munalibe kanthu, ngakhale mkwiyo umene ndinkaudikira sunabwere. Ndinkaganiza za matewera amene ndinali ndisanaanule.

“Ndi wakuno kapena wa komweko?” ndinafunsa.

Anamwa vinyo wawo, natenganso wanga uja.

“Wa komweko.”

“Ali ndi mwana?”

“Akuyembekezera.”

Ndinati chabwino. Ndinatuluka kukaanula matewera mdima usanagwe, ndinawapinda, ndinatsuka pani ndi phulusa chifukwa ufa uja unamatirira. Iwo anagona pabalaza, ine ndi mwana kuchipinda.

Azakhali anga atamva anati ndithokoze kuti munthuyo anaopa, ena amathira mchere dala n'kukhala chete. Mwina n'zoona. Mwana sanadwale, lero akuthamanga. Ankhoswe anakhalapo kawiri, ulendo wachiwiri amuna anga anangoyankha pafoni. Anali atabwerera kumwera sabata yomwe anabwerayo, bokosi la ayezi analitenga.

Nsomba ndimaphikabe, koma kapenta wa tomato, wodyera nsima. Mgaiwa ndimaphikira phala.

Ndikawerenga zimene zinapita, n'zochepa ndithu. Mafuta theka la botolo, malasha amene akanatifikitsa Lamlungu, ufa mbale imodzi. Nyumba ya ku Kapata, chifukwa ndinabwerera kwa amayi. Mwamuna mmodzi. Ndinatsala ndi mwana amene bambo ake sanamunyamulepo ali wakhanda.