Telala amene ankamunena kuti wapenga

Tsiku limene Safia Husseni anasoka diresi la mkwatibwi mkono umodzi waufupi, anthu onse a m'mudzi wa Nkope anagamula kuti mayiyu wapenga. Anthu omwewo amene anawaveka kwa zaka khumi ndi zisanu!

Mlamu wake Ayub sanachedwe kufika, maso ali pa makina osokera amene malemu mwamuna wa Safia anasiya.

"Alamu, mutu wanu sukugwiranso. Mukalakwitsa kachiwiri, makinawa ndinyamula."

Awerengi, izi zimandiwawa. Safia impso zinali zitasiya kugwira ntchito. Lolemba ndi Lachinayi lililonse ankakwera minibasi mpaka ku Blantyre kukatsukitsa magazi pa makina a kuchipatala. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsapo kuti ulendowo umamutani munthu. Pakamwa pokha ndiye panali pochangamuka: ena ankati majini, ena ankati ulesi.

Chomwe Safia ankanyadira nacho chinali chakuti miyeso ya makasitomala sankalemba, ankaisunga m'mutu. Tsopano manambala anayamba kumuthawa, ndipo ankachita manyazi kuulula.

Anaulula kwa namwino Keti, amene ankachita kafukufuku pa odwala impso. Keti ankamupatsa mawu asanu oti akumbukire ndi wotchi yoti ajambule, asanalowe pa makina ndiponso akatsika. Masiku enawo ankamufunsa pa foni. Anachita zimenezi kwa mwezi wathunthu.

"Amayi, misala mulibe," anatero Keti. "Ubongo wanu umatopa tsiku la makina ndi mawa lake. Lachitatu ndi Loweruka mumayankha bwino kundiposa ine."

Safia analira ndi ukali, chifukwa iye mwini anali atayamba kuwakhulupirira anthu aja.

Anagula choko. Muyeso uliwonse ankaulemba pansalu pomwepo, kasitomala akuona. Sizasi ankaigwira Lachitatu ndi Loweruka basi, masiku enawo ankangosoka zodula kale. Ofuna zachangu ankachoka akung'ung'udza, iye osawathamangira.

Hotela ina ya ku Makokola itamupatsa ntchito ya mayunifomu makumi anayi, Ayub anabwereka ngolo yodzanyamulira makina osokera aja, kudikira kuti Safia alakwitse. Safia anasoka kwa milungu isanu, ndipo sipanabwezedwe ngakhale imodzi.

Ayub atafika ndi ngolo yake, Safia sanaimitse makina.

"Mwachita bwino kubwera, alamu. Pali mabelo awiri a nsalu pa siteji, kanditengereni."

Lero Safia akupitabe ku Blantyre kawiri pa mlungu, komanso akuphunzitsa atsikana atatu kusoka.

Inu amene matenda akuchepetsani liwiro, musalole anthu osakupimani akuuzeni kuti mwatha. Dziwani masiku anu abwino, muwagwiritse ntchito, ndipo mtima musautaye.