Anang'omba a m'dambo la ku Zemba

Atate anasiya kuona ine ndisanakwatire, koma kukacha ankadziwa msanga kuposa tonse. Amene ankawadzutsa ndi anang'omba, mbalame zazikulu zakuda zija, zofiira pakhosi, zoyenda pansi m'dambo lathu ku Zemba. Analipo atatu. Akayamba kulira, du-du, dududu, atate ankakhala tsonga pamphasa n'kunena kuti, “Anzanga adzuka.” Dziko linali litawatsalira m'makutu mokha.

Tsono chaka china, m'ma 1990, nditangoyamba kulima thonje, nkhanga zinandikwiyitsa. Ndabzala nsawa lero, mawa zafukula mzere wonse. Kubwereza, chimodzimodzi. Ine mtima wanga ndi wapachala, kwathu aliyense amadziwa. Ndinatenga mankhwala opopera thonje amene anatsala m'botolo, kuviikamo chimanga, n'kumwaza m'mphepete mwa munda. Ndinati zione, zidziwe kuti mundawu uli ndi mwini wake.

Nkhanga zinafa ziwiri zokha. Chimanga chotsalacho zinadya mbewa n'kumafera poyera, ndipo nang'omba akaona mbewa sailambalala. Tsiku lachitatu ndinawapeza pafupi ndi chulu, awiri ali gada, mapiko ali tambalale. Wachitatu ankangozungulira anzakewo, osathawa ngakhale ndinafika pafupi. Mayo ine! Awiri akufawo ndinawakwirira pomwepo ndi khasu, ndikucheuka uku ndi uku ngati wakuba.

M'mawa mwake analira mmodzi, wopanda womuyankha. Atate anapendeketsa mutu nthawi yaitali, kenako anandiitana.

“Iwe, anzake ali kuti?”

“Kaya, atate. Mwina awolokera ku Mozambique.”

“Nang'omba sasiya mnzake,” anatero atate.

Ndikanaulula pomwepo. Ndinali munthu wamkulu, wandevu, wapabanja, koma ndinanamiza bambo wanga wosaona, ndipo manyazi ake sanandichoke mpaka lero.

Patapita sabata wotsala uja anachoka, dambo linangoti zii. Atate sanaleke kudzuka nthawi yomwe ija. Ankakhala tsonga, kutchera khutu, kenako n'kugonanso chakukhoma.

Anakhala ndi moyo zaka zina zitatu. Mvula yoyamba ikangogwa ankandituma: “Pita kudambo, ukaone ngati abwera.” Ndinkapitadi. Ndinkaima pachulu chomwe chija, pamwamba pa mafupa a anang'omba awiri aja, kenako n'kubwerera kudzawauza kuti, “Sanafike, atate.”