Buluku Mkati mwa Chitenje, Ulendo wa ku Malingunde

Tinanyamuka ku Area 9 m'mamawa Loweruka lina la mu Julaye, ine mtima uli m'mwamba. Achimwene anga a Fanuel ankaphunzitsa anthu kuyendetsa mabwato a matanga pa damu la ku Malingunde, ndipo tsikulo kunali mpikisano. Mnzawo wokwera naye anagwidwa ndi malungo, tsoka n'kugwera ine. M'bwato siketi imakodwa m'zingwe, ndiye anandibwereka buluku lawo, ine n'kulipinda mpaka m'mawondo, chitenje pamwamba. Masiku amenewo mkazi kuvala buluku unali mlandu, ndipo ine ndinali taipisiti wa boma ku City Centre. Kungogwidwa, ntchito yathera pomwepo. Nzeru yoti ndikanangoliika m'chikwama inandifikira tili kale mumsewu.

Ku Area 2 tinaima kwa telala, Che Amidu, amene anawasokera thanga latsopano. Achimwene analisisita ngati khanda.

"Nsalu yonseyi yongokolera mphepo?" anafunsa Che Amidu. "Koma anthu inu muli ndi nthawi!"

Che Amidu anatigulira mandasi.

Cha m'ma seveni tinakwera lole yochokera kokatula fodya, matambala makumi atatu munthu mmodzi. Kumbuyoko munali amayi a madengu, agogo ena ndi njinga yawo, ndi fungo la fodya lokuyetsemulitsa. Achimwene sanachedwe kuyamba nkhani zawo. Anafotokozera lole yonse za mpikisano wa kunyanja, mmene mwera unawagubuduzira pafupi ndi Nkhotakota, iwo n'kudzutsa bwatolo n'kukafikabe achiwiri.

"Uchiwiri umenewo umandiwawa mpaka lero," anatero. "Koma ndi thanga ili, Esinati, lero sationa. Tamvera mphepoyo!"

Ndinkaimva, inde. Inkandikoka chitenje, ine ndachipana ndi mawondo. Ndinakwiya nawo kwambiri. Munthu uyu, mlongo wake ali pamoto, iye akukamba za mphepo!

Titapitirira Likuni, lole inachepetsa liwiro. Migolo iwiri, mtengo pamwamba, achinyamata a chipani a malaya ofiira ataima pambali.

"Aliyense atsike, khadi m'manja!"

Khadi la chipanilo ndinali nalo. Vuto linali kutsikako. Lole ndi yaitali, abale, ndipo nditangoponda pansi ndinamva mwendo umodzi wa buluku ukupinduluka, ukutsetserekera ku akakolo. Kuwerama sikukanatheka, mnyamata wina anali atafika kale kwa mayi woyandikana nane. Mphepo nayo inkangokula.

Achimwene anandiyang'ana kumapazi kamodzi kokha, kenako anayang'ana udzu wa kutsidya kwa msewu umene unali utayamba kugona.

"Bwana," anatero achimwene kwa mnyamatayo, "mtolo uwu simuuona? Ndisadzamveke kuti ndinabisa kanthu. Gwirani uku."

Anamasula thanga lonse n'kumugwiritsa nsonga imodzi. Nthawi yomweyo chimphepo chinafika. Thanga linafufuma, phuu! Mnyamatayo anakokedwa ngati wagwira ng'ombe yolusa, anzake n'kuthamangira kukamuthandiza, agogo aja akuseka mpaka kutsokomola. Ine ndinatsala kuseri kwa nsaluyo. Ndinawerama n'kupinda mwendowo msangamsanga.

Kenako ndinamva kweee! Thanga linali litakodwa pa chitsulo cha lole, n'kung'ambika kuchokera pakati mpaka pansi.

"Tengani chinsalu chanucho muzipita!" anakalipa wamkulu wawo. Khadi langa analiyang'ana mwa mwambo chabe.

Kuchokera pamenepo mpaka ku Malingunde msewu unali wafumbi ndi mabampu, ndipo achimwene sanatchulenso za mphepo. Anangokhala, mtolo uli pamiyendo.

Tinafika cha m'ma naini, mabwato ena ali kale pamadzi. Thanga lobwereka silinapezeke. Tinakhala pa mwala n'kumaonerera, iwo milomo ikungoyenda, kulangiza anthu amene sakanawamva. Wina wa ophunzira awo atakhota bwino pakona, achimwene anaimirira n'kukuwa mpaka mawu kusasa.

"Pepani, achimwene," ndinatero, misozi ili m'maso.

"Iwe, Lolemba ukupita kuntchito kapena ayi?"

"Ndikupita."

"Ndiye ukulira chiyani? Sendera uko, ukunditchinga."

Ndinakula ndikudandaula kuti achimwene anga amakonda bwato kuposa anthu. Kuyambira tsiku limenelo sindinanenenso mawu amenewo.