Ndinadzutsa mfuti imene asilikali anaipha dala

Kalata yanga yoyamba yodandaula ndinailemba Lolemba lotsatira Pasaka, m'nthawi ya Chitaganya, chaka chimene bambo Nampinga anataya diso. Kope lake la kaboni ndili nalo, pamodzi ndi timapepala ta ku positi ya ku Limbe tosonyeza kuti iyo ndi zinzake zonse zinapitadi. Yankho silinabwerepo. Koma ndisanaloze ena chala, inu owerenga, ndiyambe ndi ine mwini. Mfuti imene inapweteka munthu ameneyu ndinaikonza ndine, ndikudziwa kuti siyoyenera kuwomba.

Ntchito ya mfuti ndinaiphunzira ku usilikali pa nkhondo yachiwiri ija. Nditabwerako ndinalembedwa kuseri kwa sitolo ya mzungu wina m'tauni ya Blantyre, yogulitsa zitsulo ndi mfuti zosakira. Layisensi inali m'dzina lake, manja anali anga.

Tsiku lina kampani ina ya fodya ya ku Limbe inatumiza mfuti zitatu zakale za asilikali, zija zokoka bawuti ndi dzanja polowetsa chipolopolo. Inazigula motchipa kuti alonda azipirikitsira anyani ku munda wake wa chimanga. Ndinaziyendera monga anandiphunzitsira. Umayamba watsegula bawuti kuona kuti mulibe kanthu. Kenako umayerekeza nambala ya pa bawuti ndi ya pa thupi la mfuti, chifukwa ziyenera kufanana. Ukatero umasuzumira mu mpope moyang'anitsa kuwala, kufuna dzimbiri ndi ming'alu, n'kumaliza ndi kuwerenga zidindo zonse za pa chitsulo.

Ziwiri zinali bwino. Yachitatu manambala ake anali osiyana, ndipo pamtengo wake panali chipsera cha penti yoyera imene wina anaipala ndi mpeni. Nditapukuta girisi ndinapeza zilembo ziwiri zodindidwa, D ndi P. Msilikali aliyense amazidziwa. Zimatanthauza kuti mfuti inatha ntchito, yatsala yophunzitsira perete basi. Msomali wake womenya chipolopolo anali ataudula dala kuti munthu asadzaiwombenso.

Ndinawauza bwana pakamwa. Anandiyankha m'Chinyanja chawo chija kuti, “Iwe fundi kapena iwe mbusa? Kasitomala afuna mfuti atatu, osati ulaliki.” Anzanga a m'sitolo anaseka, inenso ndinaseka nawo. Ine amene ndimasunga ngakhale lisiti la msonkho wa njinga, tsiku limenelo sindinalembe kanthu. Ndinkaopa kuchotsedwa ntchito, komanso, ndinene zoona, ndinkafuna kuonetsa kuti palibe mfuti yondikanika. Ndinachotsa msomali pa mfuti ina yakufa, n'kuupala mpaka unakwana. Pa khadi la ntchito ndinalemba kuti yakonzedwa, ndipo ndinasaina.

Mfutiyo inagwera bambo Nampinga, mlonda wamkulu, amene makolo awo anachokera ku Mozambiki. Tinkapemphera mpingo umodzi ku Chirimba, ndipo ankanditcha achimwene. Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Achimwene, akuti yanga ija inadutsa m'manja mwanu. Ndiye anyani alembe wilo.” Ndinangomwetulira. Panalitu nthawi yokwanira yowauza, tinayenda limodzi mpaka pamphambano.

Patapita masabata owerengeka, masana dzuwa likuswa mtengo, anawombera anyani. Khoko la chipolopolo linaphulikira m'mbuyo, moto ndi tizitsulo zinawalowa kumaso. Diso lakumanja linathera pomwepo.

Anatiitana ku ofesi ya kampani ku Limbe. Bwana wanga ndi manijala wa kampaniyo anali atagwirizana kale. Anati mlondayo anatsamiritsa mfuti pansi, mpope n'kudzaza matope, ndiye chifukwa chake inaphulika. Manijala anandifunsa ngati matope angachititse zimenezo. Ndinayankha kuti angathe. Silinali bodza, koma sichinali chimene chinachitika, pakuti mpope ndinauona ndi maso anga uli woyera. Bambo Nampinga anakhala pabenchi, bandeji kumutu, akundiyang'ana ndi diso lotsalalo. Anawachotsa ntchito ndi kalata yonena kuti ndi munthu wosasamala, ndipo ndi kalata yotere palibenso anawalemba ulonda. Anathera kusoka matumba pamsika.

Ndinapirira mpaka Pasaka. Nditalephera kuyandikira mgonero, ndinapita kwawo kukaulula. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, “Ndamva, achimwene. Ine ndinkadziwa kuti matope munalibe. Koma amene analemba kuti ndine wosasamala si inu. Kauzeni iwowo.” Ndinalembera kampaniyo kalata ija, ndipo mwezi usanathe ntchito yanga inatha.

Inu owerenga, makamaka amisiri, mfuti yakale musaiyese ndi maonekedwe a mtengo wake. Werengani zidindo, yerekezani manambala, ndipo chimene anachipha dala amene anachipanga kapena kuchigwiritsa ntchito, musachidzutse, kaya walamula ndani. Mukakana, kanani polemba, musunge kope. Mawu a pakamwa onenedwa kwa bwana kuseri kwa sitolo sananditeteze ine, ndipo sanateteze mnzanga.

Sitolo ija inatsekedwa kalekale, koma kampani ya fodya ilipo, ngakhale inasintha eni. Bambo Nampinga ali moyo, akalamba kwambiri, diso linalo layamba kuchita khungu, ndipo kalata yowanyoza ija akali nayo m'Baibulo mwawo. Choncho ndikupempha mwaulemu akuluakulu a kampaniyo kuti atsegule faelo ya mlonda wawoyo, awerenge umboni wangawu umene ndili wokonzeka kuulumbirira, ndipo alembe kalata yofafaniza mawu akuti wosasamala. Ndikupempha kuti yankho libwere polemba, losainidwa, mwini wake akadatha kuliwerenga yekha.