Funso limene linandichotsetsa pagulu

Chaka chimene ndinavota koyamba ndinkagulitsa nsalu m'sitolo ya amwenye ku Limbe, digiri yanga ili m'sutikesi kwa achemwali anga ku Manja kumene ndinkakhala.

Amene tinamaliza limodzi koleji tinali ndi gulu lathu pafoni. Kale tinkauzirana kumene kwatuluka ntchito. Kampeni ya upulezidenti itayamba, gululo linasanduka bwalo la ndewu. Ena ankati dziko likufuna munthu wamkulu wodziwa zinthu, ena ankati nkhalamba zatikwana. Ambiri ankangoseka: "Onsewa ndi amodzi. Tidye zawo, voti ili mumtima."

Tsiku lina ndinalembapo kuti, "Koma anzanga, mwa onsewa ndani wanena momveka kuti ife ntchito tiipeza bwanji?"

Posakhalitsa anandiimbira mnzanga wapamtima, amene tinagona chipinda chimodzi zaka zinayi kukoleji.

"Iwe, akugula eti? Munthu wakwathu ukumudziwa, ndiye ukufunsa chiyani?"

"Ndangofunsatu ine."

"Ukafunse amene akukutumawo."

Poweruka ndinapeza andichotsa pagulu. Tinalipo anthu ambiri, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa kuti zakhala bwanji.

Mayi eni sitolo anaona kuti ndangoti ndwii. Nditawafotokozera, anapitiriza kupinda chitenje, kenako anati, "Ine ndinabadwira mu Limbe momwemuno. Ndavota kambirimbiri, koma palibe anandifunsapo maganizo anga. Inu kavoteni basi."

Tsiku lovota achemwali anati iwo achapa, voti siyitsitsa mtengo wa sopo. Ndinapita ndekha kusukulu kumene ndinalembetsa. Pamzere, patsogolo panga pang'ono, panali mnzanga uja. Anatembenuka, maso athu anakumana, iye n'kuweramira foni.

Mokavotera muja ndinayang'ana nkhope za papepala lovotera nthawi yaitali. Zonse zinkamwetulira. Ndinachonga mmodzi amene ndinkamukhulupirira pang'ono chabe.

Potuluka ndinawapeza pageti, mnzanga uja ndi anzathu ena anayi, akujambulitsa zala za inki, akuseka. Ndinaima pafupi ngati ndikukonza nsapato, kudikira kuti wina andiitane. Anamaliza kujambula n'kumapita. Sindinafune kubwerera kunyumba msanga, ndiye ndinayenda wapansi mpaka ku Chitawira, misewu ili zii, masitolo ali otseka.

Amene ndinamuvotera sanapambane. Zimenezo sizinandiwawe kwenikweni.

Mnzanga uja anakwatiwa chaka chatha ku Naperi. Ndinamva kwa mayi ake titakumana m'minibasi. Anandigwira dzanja nati, "Mwanawe, tinakusowatu paukwati. Koma ndikudziwa, amwenye sapereka Loweruka."

"Ndi choncho, amayi," ndinatero.

Anatsikira pamsika, ine ndinapitirira.