Mphindi Yopanda Mawu

Ndinataya mkazi. Ndinataya makina ake osokera, mapoto, mbuzi ndi njinga yachikazi, zomwe abale ake anatenga maliro atatha. Ndinataya chimene chinkandifulumizitsa kubwerera kunyumba ndikaweruka. Kompyuta yokha anaisiya, poti kumudzi kwawo ku Mlolo kunalibe magetsi.

Ndinaigula yakale kwa mphunzitsi wochokera kunja amene ankabwerera kwawo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndikuphunzitsa kusekondale pa boma la Chadiza. Inali ndi kamaikolofoni ndi pulogalamu yojambulira mawu, koma mphindi imodzi ikakwana inkaima yokha. Mkazi wanga ankaimba m'kwaya ya amayi kumpingo, ndipo ankafuna kudzimva akuimba nyimbo yathunthu. Nthawi zonse makinawo ankamudula ndime yachiwiri isanathe.

"Aphunzitsi," ankatero pondinyogodola, "makina anuwa ali ndi mphumu. Pitani nawo kuchipatala."

Mnzanga wa ku koleji ndiye anandiuza njira titakumana ku Chipata. Uyambe wajambula mphindi imodzi yopanda mawu. Mphindiyo uziilumikiza kumapeto kwa iyo yomwe mobwerezabwereza mpaka italike. Ukatero ubwerere poyambira n'kujambula nyimbo pamwamba pake, ndipo makina saimanso. Ndinachita zimenezo Loweruka lina masana. Ndinadina batani n'kutulukira khomo lakutsogolo mpaka kumsewu kuti ndisasokose, osaganiza zozula maikolofoni. Nditabwerera ndinalumikiza, ndinasunga, koma sindinamvetsere. Ndikanamvetsera chiyani m'menemo? Tinagwirizana kuti adzaimbe akabwera kumudzi, kumene ankapita kukathandiza amayi ake kukumba mtedza. Kumeneko malungo anamugwira mwamphamvu, ndipo uthenga unandipeza iye atapita kale.

Patatha miyezi ndinatsegula fayilo ija ndi cholinga choifufuta. Sinali chete. Kunamveka nkhuku, chitseko chakuseri chikulira, kenako mwamuna akutsokomola. Mkazi wanga ananena motsitsa mawu kuti, "Osati lero. Ali pompano." Mwamunayo anayankha mwachidule, zomwe sindinazimve bwino mpaka lero, chitseko n'kutsekedwa. Ndiye poti mphindiyo ndinailumikiza ndekha kambirimbiri, nkhuku zinayambanso, chitseko, chifuwa, osati lero, ali pompano, osalekeza.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kutchera khutu mmene amuna amatsokomolera. M'chipinda cha aphunzitsi, pachigayo, m'tchalitchi pakati pa ulaliki. Woimbitsa kwaya ndinamuchotsa msanga, chifuwa chake n'chopyapyala. Anatsala awiri: mlongo wake wa malemuyo, ndi bambo woyandikana nafe nyumba, amene ankagwira ntchito yogawa mankhwala kuchipatala.

Mlamu wanga anabwera yekha tsiku lina ndi thumba la mtedza pa keliyala. Ndinamukhazika pafupi ndi sipika.

"Alamu, mukumva chiyani apa?"

"Nkhuku," anatero. "Zonenepa ndithu."

"Mvetseraninso."

Anamvetsera akuyang'ana nsapato zake. Mawu a mlongo wake atamveka, anaika dzanja pachipumi.

"Mwamunayo ndani?" ndinafunsa.

"Kodi ine ndimakhala kuseri kwa nyumba yanu? Alamu, sukulu yanuyi idzakudwalitsani. Zimitsani chinthuchi, munthu agone."

Sanadikire tiyi. Anapalasa njinga osacheuka, ndipo sindidziwa ngati chinamuthamangitsa chinali chisoni kapena china. Nthawi yonse imene anakhala m'nyumbamo sanatsokomoleko, ndipo zimenezonso ndinazikayikira.

Wachiwiriyo ndinamupeza madzulo ena akumata chubu cha njinga kuseri kwa mpanda wa udzu umene unkatilekanitsa. Ndinaima pomwe mpandawo unali wophwasuka, n'kuona kwa nthawi yoyamba kuti pansi pake udzu unali woponderezeka, kanjira kolowera kukhomo langa lakuseri. Mwina nkhuku. Mwina ana.

"Aa, aneba! Mwaima ngati mwabwera kudzandilemba m'kaundula. Kwagwanji?"

Anaseka, kuseka kuja n'kuthera m'chifuwa. Kutsokomolako kunkafanana ndi kwa mu fayilo ija. Kapena ine ndiye ndinkafuna kuti kufanane, chifukwa kamaikolofoni kaja kankasandutsa chifuwa chilichonse kukhala chimodzimodzi. Funso linali pakamwa. Akanati ankamubweretsera mankhwala a matenda amene ankandibisira, ndikanasenza zimenezo. Akanazengereza kuyankha, ndikanasenza zina zolemera kuposa apo.

"Mundibwereke pampu," ndinatero.

"Pampu basi? Nkhope yonseyo?"

Anandipatsira pamwamba pa mpanda. Matayala a njinga yanga anali olimba bwinobwino. Ndinaisunga usiku umodzi n'kubweza.

Fayilo ija sindinaifufute, sindinajambuleponso kanthu pamwamba pake, ndipo bamboyo anasamutsidwira ku Zemba ndisanamufunse. Sindinafunse chifukwa cha m'mawa umene mkazi wanga ankanyamuka. Minibasi inali itayamba kale kuyenda pamene anatulutsa mutu pawindo, osamwetulira, n'kundikodola kuti ndiyandikire.

"Pali nkhani," anatero. "Musafunse munthu. Ndidzakuuzani ndekha ndikabwera."