Rozita Athamangitsidwa m'Chiganizo

Ndikakumbukira agogo Jeremiasi, ndimamva fungo la kachewere wopserera m'phulusa la zitsononkho, ndi kulira kwa njinga yawo yosowa mafuta potsetsereka kuchokera kumsika wa ku Domwe. Chingerezi adachitola ku Dedza m'zaka zothawa nkhondo, ndipo ankachisamala ngati jekete lopitira ku Misa.

Chaka china bambo adagamula kuti ndikalepheranso pulova, mayeso aja a Chingerezi, ndisiye sikola, ndizikathirira mbewu kudimba. Chimene chinkandizunguza mutu chidali chiganizo chonong'onezera bondo, chija amachichotsa "if" n'kutsogoza "had".

"Apulofesoli ako amalemba pakhoma, komatu khoma silithamanga," adatero agogo. "Itana asuweni ako."

Adawafoletsa anayi pabwalo, aliyense n'kukhala liwu limodzi la "If I had known". Rozita, wamng'ono pa onse, ndiye adali "if". Agogo akaomba m'manja, iye ankathawira kuseri kwa nkhokwe, Tomasi amene adali "had" n'kudumphira kutsogolo, ine n'kuwerenga mzerewo mokweza.

Posakhalitsa Rozita adayamba kulira, ndipo azakhali, mayi ake, adatulukira manja ali m'chiuno.

"Ababa, mwana wanga walakwanji kuti muzimupirikitsa yekhayekha?"

"Sindine ayi, mwanawe, ndi Angerezi."

"Akapirikitse awo kwawoko!"

Pofuna mtendere, agogo adalamula kuti wothamangitsidwa azilandira kachewere wootcha. Apa ndiye padavuta. Ataombanso m'manja, onse anayi adaliyatsa liwiro la kunkhokwe, pabwalo n'kutsala ine, agogo ndi nkhuku.

"Werenga," adatero, nkhope ili gwa.

"Agogo, chiganizo chathawa."

"Kachibweze wekha. Ukapita kudimba sudzapitako ndi ine."

Ndidawakoka mmodzimmodzi, pakamwa pawo pali phulusa, ndipo popeza aliyense ankalumbira kuti ndi "if", ndidayenera kudziwa ndekha woyenera kutsogola ndi woyenera kutsala. Ndidatero masiku onse mpaka thumba la kachewere la agogo lidaphwa.

Pulova ija ndidakhoza mokwawa, koma bambo sadatchulenso za dimba. Agogo adangopukusa mutu: "Kachewere akadakwanira, ukadawaposa apulofesoli."

Lero ndili kukoleji ku Ulongwe, ndipo chiganizo chimenechi ndimachilemba mosajejema. Komabe ndisadachotse kaliwu kaja ndimayamba ndatembenuka, kuopa kuti azakhali aima pakhomo.